Tadala, Uwafunse Abambo Ako

Khalani pansi ana inu, ndipo mafoniwo muwavundikire patebulopo. Dzulo munandipeza ndikuonera filimu yakuda ndi yoyera, munaseka mpaka Yamikani anafunsa ngati TV yanga yafa. Siinafe. Pulogalamu imeneyo anaipanga choncho, kalekale, ine ndisanayambe n'kuvala nsapato komwe. Tsiku lililonse imakhala ndi nkhani yakeyake ya theka la ola, anthu akenso ena. Lero wina wapita ku nyenyezi, mawa wina wagula makina amene akumuchita zimene sanayembekezere, ndipo mathero ake amakusiya utagwira pakamwa. Inu mumakonda zoombana ndi zophulika, zamitundu yothobwa m'maso. Ine ndimakonda iyi, ndipo amene anandiphunzitsa kuikonda ndi munthu amene sankadziwa Chingerezi ngakhale liwu limodzi: apongozi anga aNaphiri, amayi awo a agogo anu aakazi.

Chinali chaka cha 2003. Tinkakhala ku South Bend, kuno ku America, mu apatimenti ya zipinda ziwiri. Agogo anu aakazi anali m'chaka chomaliza cha sukulu ya unesi. Ine ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, shifiti yoyamba 3 koloko masana. Amayi anu a Mphatso anali akadali ku Malawi, ku sekondale yogonera komweko. Mu Okutobala kunabadwa chitsiriziro chathu, Tadala, amene inu mumati anti. Si anti ayi, ndi amayi anu aang'ono, koma zimenezo tidzakangana tsiku lina.

Sukulu ya unesi sidikira munthu. Ukajomba masabata angapo kuchipatala kophunzirira, umakayambiranso chaka china, ndipo agogo anu anali atadikira kale zaka zambiri kuti apeze malowo. Kuyambira masana mpaka madzulo panalibe wotsala ndi mwana. Choncho tinaitana aNaphiri kuchokera ku Mitundu kuti adzalere mdzukulu wawo mpaka Meyi, sukulu itatha. Anafika mu Novembala ndi sutikesi yonunkha usipa ndi nsinjiro, atavala majuzi awiri a eni ake.

Tsopano inu simudziwa chipongozi. Kwathu mkamwini sakhala m'chipinda chimodzi ndi apongozi ake aakazi, sadya iwo akuona, sawayang'ana kumaso. Mukakumana panjira, mmodzi amapatukira patchire n'kunjuta, moni mumapatsana chapatali mukuyang'ana kumbali. Sikudana ayi, ndi ulemu, ndipo ine ndinkawalemekezadi mayi amenewo. Ku Mitundu zimatheka chifukwa tchire lilipo. Nanga m'kakhonde ka mu apatimenti, kopanikiza moti anthu awiri sangadutsane, upatukira kuti? Ndinkayamba ndatsokomola ndisanatsegule chitseko cha kuchipinda. Iwo akamva chifuwacho ankathawira kukhitchini, ine n'kudutsa ngati wakuba m'nyumba yanga yomwe. Sabata yoyamba ndinatsokomola kwambiri mpaka mzungu wa khomo loyandikana nafe anandibweretsera mankhwala a chifuwa.

Pakafunika kulankhulana tinkadzera mwa mwana. Iwo ali pabalaza ankati, "Tadala, uwauze abambo ako kuti mkaka watsala pang'ono." Ine kuseri kwa khoma ndinkati, "Tadala, uwauze agogo ako kuti ndigula pobwera." Tadalayo ali ndi masabata atatu, akuyamwa chibakera chake, sakudziwa kuti wapatsidwa udindo waukulu chotero.

Poyamba zinkatiseketsa. Koma Novembala atatha kunagwa sinowo, ndipo aNaphiri anayamba kufota. Kumudzi inali nyengo yobzala, iwo anazolowera kukhala kumunda tambala atangolira. Kuno kunkacha 8 koloko, kunja osaona munthu woyenda pansi ngakhale mmodzi woti n'kumupatsa moni. Ankasambitsa mwana, kumugoneka, kenako n'kukhala pawindo manja ali pamiyendo. Chakudya ankangochilawa. Tsiku lina anauza mwana wawo kuti, "Nabanda, ine kuno ndikutha ndikuona. Ndibwezereni kwathu." Agogo anu analira, anachonderera, koma mayiwo anali atatsimikiza mtima. Tinasintha tikiti kuti adzakwere ndege pa 2 Januwale ku Indianapolis. Agogo anu anakauza aphunzitsi awo kuti mwina sabwerera tchuthi chikatha. Ine zinandiwawa kwambiri, koma mkamwini sangachonderere apongozi pa nkhani yaikulu chonchi kudzera mwa khanda.

Ndiye tsiku lina kumayambiriro kwa Disembala, cha m'ma 11 koloko m'mawa, ndikusita yunifolomu kuchipinda, ndinamva TV ikulira. Ndinadabwa, chifukwa aNaphiri anali ataikana kale TV ya kuno. Ankati mumangoonetsa anthu osavala ndi opsompsonana, olankhula onse nthawi imodzi. Koma tsiku limeneli sanazimitse. Ndinamva kanyimbo koziziritsa msana, kenako mawu a bambo wina akulankhula modekha. Kenako mawu awo:

"Tadala, uwafunse abambo ako kuti bambo wa sutiyu akuti chiyani."

Ndinazimitsa simbi. Ndinatenga ndowa ya pulasitiki yochapira, n'kuivundikira m'kakhonde muja, n'kukhalapo nditatsamira khoma. TV inali kuseri kwa khomalo, sindinkaiona. Ndinkangomva mawu.

"Tadala, uwauze agogo ako kuti akuti munthu amene amuoneyo akuganiza kuti lero ndi tsiku ngati masiku onse, koma walakwitsa."

"Uwauze kuti akunena zoona. Kayendedwe kake kakuoneka kuti n'kamunthu wosadziwa kanthu."

Tinayamba choncho. Ine ndinali ndi makutu, iwo anali ndi maso. Anthu akalankhula ine ndinkamasulira. Akasiya kulankhula, ine ndinkakhala mumdima mpaka iwo andiuze kuti watsegula chitseko, wapeza chakuti, nkhope yake yasintha. Ndipo pulogalamu imeneyi ili ndi khalidwe lakuti zinthu zazikulu zimachitika anthu ali chete.

Pambuyo pake ndinamva chimene anaikondera. Inkawakumbutsa mafilimu amene ankabwera pagalimoto kumudzi kale, oonetsa pansalu yoyera pabwalo la sukulu. Inenso ndinawaonapo amenewo ndili mwana. Tinkayenda mtunda wautali titanyamula chinangwa chootcha m'thumba, ndipo ena ankakhala kuseri kwa nsaluyo n'kumaonera anthu akuyenda chamanzere, osadandaula. Inu lero filimu ikachedwa kutseguka kamphindi kamodzi mumachita ngati kwagwa maliro. ANaphiri ankati anthu a m'pulogalamuyi ndi olongosoka: abambo avala zipewa, amayi madiresi ofika m'munsi mwa mawondo, ndipo amadikirana polankhula.

Vuto linabwera tsiku lachiwiri. Nkhani ya dzulo lake inatha munthu wina atatsala yekha kudziko lakutali, chombo chake chitawonongeka. Kanyimbo kaja katangoyamba ndinamva, "Tadala, uwafunse ngati bambo wa dzulo uja apita kukamutenga." Ndinafotokoza kuti nkhani ija inathera pomwepo, lero ndi ina. Sanakhutire. Iwo anazolowera sewero la pa wailesi, limene anthu ake mumakalamba nawo limodzi. "Nanga munthu amangosiyidwa choncho? Alibe abale?" Madzulo ake, agogo anu anandiuza kuti popemphera aNaphiri anatchula odwala, a paulendo, ndi bambo wotsala kutali uja. Patapita masiku anaonanso wosewera wina amene anafa m'nkhani ya Lachiwiri atabwera ngati dokotala Lachisanu. Apo anati, "Tadala, ndazindikira tsopano. Anthuwa ndi aganyu."

Nkhani imene sindidzaiwala inali ya mayi wina amene mwamuna wake anabwera kuchokera ku ulendo wa kumwamba patapita zaka. Ine m'makutu mwanga munkangolowa zachikondi zokhazokha. Ndakusowa, ndinkakulota, sindidzachokanso. Ndinkamasulira mwamanyazi, ndikusankha mawu, poti zinthu zotere sunena pamaso pa apongozi ngakhale pali khoma. Ndili pakati iwo anadula.

"Tadala, uwauze abambo ako kuti ameneyu si mwamuna wake."

"Tadala, uwauze agogo ako kuti ndi yemweyo. Akukumbukira ngakhale dzina la tchalitchi chimene anakwatirana."

"Akumbukire zonse. Pochoka paja kapu anagwira ndi dzanja lamanja, lero wagwira ndi lamanzere. Ndipo galu wa pakhomopo sanatuluke kunsi kwa tebulo chibwerereni iyeyu."

Ndinatsutsa ndithu, ine munthu wopita kusukulu. Kenako kumapeto anthu anasiya kulankhula, kunangotsala kanyimbo kokwera pang'onopang'ono. Ndinadikira. Kuli zii. Ndinadikirabe.

"Tadala, uwafunse agogo ako kuti chikuchitika n'chiyani."

Zii.

"Tadala, chonde."

Ndinamva kuseka, koyamba chifikireni iwo m'dziko lino. Kuseka kwenikweni kwa mayi wa ku Mitundu, kochita kuomba m'manja kamodzi. "Uwauze abambo ako kuti poti iwo ndi ophunzira, adziwa okha." Anandisunga choncho mpaka ndinavomera kuti ndinalakwa, ndipo pamenepo m'pamene anandiuza kuti mayi uja anayang'ana pawindo n'kuona mwamuna wake weniweni akubwera pamsewu atanyamula chikwama, wina uja akadali pampando akumwetulira. Tsiku limenelo ndinapita kuntchito tsitsi lili nyaunyau, koma ndikuseka ndekha m'galimoto.

Pulogalamuyi sinkaonetsedwa Loweruka ndi Lamlungu, choncho ndinagula matepi. Simuwadziwa inu. Zinali zinthu zakuda, zazikulu ngati buku la nyimbo, ndipo ukamaliza kuonera unkayenera kubweza tepiyo poyambira, ikulira ngati chigayo chaching'ono. Ndinkarekoda za mkati mwa sabata kuti tizibwereza. ANaphiri anayambanso kudya. Anayamba kuphika chigumu mu uvuni umene poyamba ankauopa, n'kumandisiyira chidutswa pambale pafupi ndi ndowa yanga ija. Nthawi ikakwana ine ndisanatuluke ankati, "Tadala, kodi abambo ako adwala lero?"

Koma sutikesi inali yomangamanga pakona, ndipo za ulendo sanasinthe mawu. Agogo anu anayesanso kamodzi pa Khirisimasi, anayankhidwa kuti munda ukudikira. Ine ndinkawerenga masiku mumtima, ndipo ndikuuzeni zoona, sinali sukulu ya agogo anu yokha imene inkandidetsa nkhawa. Ndinkadziwa kuti 11 koloko idzandisowetsa mtendere.

Pa 31 Disembala tinanyamuka kupita ku Indianapolis. Masiku amenewo msewu wake unali wa maola atatu ndi kuposa, ndipo pa Kokomo unkaima pa maloboti mpaka kutopa. ANaphiri anakhala kumbuyo kwanga kwenikweni, ine ndinapotoza kagalasi ka kutsogolo kuti maso asakumane. Njira yonse ankayang'ana minda ija yopanda malire, ziputu za chimanga zikusuzumira mu sinowo. Anangoti, "Tadala, minda yonseyi, eni ake ali kuti?" Tinaima pa masitolo a ku Lafayette Road kugula mphatso za kumudzi, kenako tinakafikira kwa anzathu a Mbewe ku Lawrence, m'mbali mwa mzindawo.

M'mawa mwake, pa Nyuwere, kunyumbako kunadzaza Amalawi. Abambo tinali m'galaja tikuwotcha nkhuku titavala majekete, amayi ali m'nyumba. Ndiye zinapezeka kuti pa tsiku limeneli tchanelo china chimaonetsa pulogalamu yathu ija tsiku lonse, nkhani kutsatana ndi nkhani. Mwana wamkazi wa a Mbewe, Thoko, amene anali ku koleji ndipo Chichewa ankachidziwa bwino, anakhala pambali pa aNaphiri kuti aziwamasulira. Ndinamva kuti anamasulira bwino kuposa ine. Ankafotokoza mawu, n'kufotokozanso zimene zikuoneka, n'kuwonjeza chifukwa chake. Nkhani imodzi itatha, aNaphiri anamuthokoza mwaulemu, kenako anayang'ana mwana ali pamiyendo pawo.

"Tadala, abambo ako ali kuti?"

Thoko anabwera kudzanditenga kugalaja. Ndinasamba m'manja, ndinanyamula kabokosi koziziritsira zakumwa, n'kukakhala m'khonde kuseri kwa khoma. Anthu anafa nacho chiseko. A Mbewe anati, "Achimwene, ku America kuno mukadameintenabe zimenezi? Lowani mukhale pa sofa." Ndinati ayi, ofesi yanga ndi ino.

Nkhani imene inayamba inali ya nkhalamba ina ya pafamu imene inalandira alendo ochokera ku nyenyezi. Alendowo anali aulemu kwambiri. Anati ampatsa chimanga chocha usiku umodzi, chodzaza nkhokwe zonse, iye angowapatsa mbewu yake yakale, yonse, osatsalako. Ndinamasulira. Manesi ndi madokotala amene anadzaza pabalazapo anayamba kunena kuti mdalayo avomere msanga, mwayi wotere subwera kawiri. ANaphiri anati, "Tadala, uwauze anthuwa kuti munthu wofuna mbewu yako yonse si mlendo wabwino." Ena anaseka. Mdala uja anavomera, nkhokwe zinadzaza, mudzi wonse unavina. Chaka chotsatira anabzala chimanga chatsopanocho, sichinamere ngakhale phesi limodzi, alendo aja atapita kalekale.

Thoko anati, "Basi, afa ndi njala." Ine kukhoma kuja ndinafunsa monga mwa masiku onse.

"Tadala, uwafunse agogo ako kuti iwo aona chiyani."

"Uwauze abambo ako kuti asade nkhawa. Poyamba paja, alendowo akuyang'ana kumbali, mdalayu anakanda m'mutu nthawi yaitali. Nsabwe alibe ameneyu. M'chipewamo muli kanthu."

Panalibe wina aliyense amene anaziona, anthu khumi ndi angapo a maso awiriawiri ndi Chingerezi chawo. Kanyimbo kaja kanayamba kukwera, kenako ndinamva nyumba yonse ikuphulika, kuomba m'manja, wina akuimba nthungululu. Mdala uja anali atavula chipewa, mbewu n'kukhuthukira m'manja mwake. A Mbewe analowa m'khonde muja akupukuta misozi n'kundiuza kuti, "Achimwene, sunthani, nanenso ndikhale kuno." Tinaonera choncho mpaka dzuwa kupendeka, nkhuku zina zinapserera kugalaja popanda wozitembenuza.

Cha m'ma 4 koloko agogo anu anatulutsa sutikesi ija n'kuyamba kuiyeza pa sikelo ya kubafa, akuchotsa ichi, kubwezera icho, maso ali ofiira. ANaphiri anawayang'ana kanthawi.

"Tadala, uwafunse abambo ako kuti nkhani zimenezi zatsala zingati."

"Uwauze agogo ako kuti sindinawerenge, koma Thoko akuti n'zambiri. Tikhoza kufika Meyi tisanazimalize."

"Ndiye uwauze amayi ako asiye kuvutitsa sikelo ya eni ake."

Agogo anu anasiya sutikesi ili chotsegula, anabwera n'kugwada pafupi ndi mayi awo. "Amayi, mwati bwanji? Mukhala? Ine ndinalira mwezi wathunthu osandimvera, lero mukhala chifukwa cha TV?"

"TV ya chiyani, Nabanda. Chibwerereni kuno aliyense amangondiuza. Dinani apa, musakhudze apo, valani ichi, musatsegule chitseko. Iwenso amene, mwana wobala ndekha, umandiphunzitsa kusambitsa khanda. Munthu amene wandifunsapo kanthu m'dziko lino ndi apongozi angawa basi. Tsiku ndi tsiku amafunsa kuti mwaona chiyani, ndipo amadikira yankho. Nanga ine ndikapita, iwowa adzaona ndi maso a yani?"

Ana inu, ine ndinalira. Ndinayamika Mulungu kuti pali khoma, chifukwa bambo wa ndevu zake kulira pa kabokosi ka zakumwa si zooneka bwino. Agogo anu ankaseka ndi kulira nthawi imodzi, nkhope ataibisa pa chitenje cha mayi awo. Sukulu ija anaimaliza mu Meyi, ndipo ntchito ya unesiyo ndi imene inadzabweretsa amayi anu kuno, kumene anakumana ndi abambo anu. Mukadziyang'ana pagalasi muzidziwa kumene munachokera.

Pa 2 Januwale linali Lachisanu, tsiku la pulogalamu. ANaphiri anatidzutsa kusanache, mwana ali kale kumsana, akuti tikachedwa tikapeza bambo wa suti atayamba kulankhula. A Mbewe anatikakamiza tiyi, iwo anamwa choimirira. Pa Kokomo loboti iliyonse yofiira ankaidandaulira ngati yawalakwira dala. Tinakwera masitepe a apatimenti yathu kutatsala mphindi zisanu kuti 11 koloko ikwane, ine ndikupuma wefuwefu ndi sutikesi paphewa, iwo ali patsogolo ngati mtsikana. Masana amenewo ndege inanyamuka ku Indianapolis ili ndi mpando umodzi wopanda munthu.